Chibade chafewa, chiliza chasungunuka: mavuto a zoopsezera za Halloween mu wekishopu ya anthu ambiri

Okutobala akangolowa, mashelefu a m'mawekishopu a m'madera ku Britain amadzaza ndi zibade za mapepala, maungu abodza, ziliza ndi mizukwa ya nsalu, zonse zokonzekera Halloween, chikondwerero cha zoopsezera cha pa 31 Okutobala. Awa ndi malo aja omwe anthu amasonkha kangachepe pamwezi n'kumagwiritsa ntchito limodzi matebulo, macheka ndi mabulashi. Ena ali m'nyumba zomwe kale zinali mafakitale, ena m'chipinda chapansi pa holo ya tchalitchi. Chaka ndi chaka madandaulo ake sasintha. Chibade chomwe chinali gwa Lachisanu chapezeka Lolemba chitafewa pachipumi. Dzungu lamera timadontho takuda m'kati. Penti yatupa n'kuyamba kusupuka. Mwini wake amathamangira kuloza anzake chala: wina wachigwira, wina wachisuntha, wina wasiya zenera pululu usiku wonse.

Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma pa chinthu chilichonse choumbidwa ndi nyuzipepala ndi phala lomatira, wolakwa wamkulu ndi madzi omwe anatsekeredwa m'kati mwini wake ataganiza kuti chauma. Kufewa, chuku, fungo losasa, penti yotupa, zonsezi gwero lake ndi limodzi, ndiye musanasinthe penti kapena kukangana ndi munthu, yambani mwafufuza pamenepo.

Ndikudziwa kuti ambiri mwa ife sitichita nawo Halloween, ena chifukwa cha chikhulupiriro, ena chifukwa sitinakule nayo. Koma ana akamaphunzira kuno amabwera ndi kalata ya kusukulu, ndipo luso lake ndi lomwelo lomwe mungaumbire mutu wa bulu wa sewero la Khirisimasi kapena chisoti cha msilikali wa Chiroma pa Pasaka.

Chifukwa chake sichikuuma

Amene anaumbapo zoterezi kumudzi amadabwa kwambiri. Ku Malawi Okutobala ndi mwezi wa dzuwa loswa mtengo, mpweya uli wouma, moti chigoba chomwe mwamata m'mawa n'kuchiika pakhonde chimafika madzulo chikulira ngati chikho. Ku Glasgow, Manchester kapena Leeds mwezi womwewo ndi wa mvula yowaza ndi kuzizira, ndipo chinyezi cha mumpweya panja kawirikawiri chimapitirira 80 peresenti. Mpweya wozizira sunyamula madzi ambiri, ndipo ukakhala kuti ndi wonyowa kale, ulibe poika madzi a m'chibade chanu. Wekishopu yambiri hita imayatsidwa pokhapokha muli anthu. Akangotseka chitseko chipinda chimazizira, kuuma kumaima, pamene chuku sichiima. Pa pepala lonyowa lomwe lili ndi ufa, chuku chimatha kuyamba pakati pa maola 24 ndi 48.

Pepala limauma kuyambira kunja. Koti yapamwamba ikauma imasanduka khungu lomwe limachedwetsa madzi a pansi pake kutuluka. Zili ngati chigumu chomwe chapsa kunja chifukwa cha moto wambiri pamene m'kati muli phala. Mukapaka penti ya acrylic kapena vanishi pamwamba pa chinthu chotero, ndiye kuti mwatseka khomo lomaliza. Madzi aja amabwerera m'makoti omwe anali atauma, chonse n'kufewa.

Musakhulupirire maso. Gwiritsani ntchito njira izi. Gunditsani chinthucho kutsaya kapena kuseri kwa dzanja: chikamveka chozizira kuposa tebulo la thabwa lomwe chakhalapo, madzi akutulukabe. Chigogodeni ndi chikhadabo: chouma chimalira mopepuka, chonyowa chimangoti phu. Dinikizani ndi chala chachikulu malo okhuthala, monga pansi pa maso, pamphuno ndi pomwe zidutswa ziwiri zakumana, chifukwa ndi momwe madzi amabisala.

Koma njira yomwe sinama ndi sikelo ya kukhitchini. Mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi, choncho chinthu chikamauma chimapepuka. Chiyezeni tsiku lililonse lomwe mwabwera, n'kulemba nambalayo pa kapepala komwe mwamata pambali pake. Tiyerekeze mwapeza magalamu 310, kenako 262, kenako 241, kenako 240. Nambala ikasiya kutsika pa miyezo iwiri yotsatizana, pentani. Ikamatsikabe, ngakhale ndi magalamu asanu okha, bulashi isayandikire. M'wekishopu ya anthu ambiri kapepala kameneka kamagwiranso ntchito ina: aliyense akuona kuti chinthucho chili ndi mwini wake ndipo sichinathe kuuma.

Phala lenilenilo

Mavuto ambiri amayambira m'mbale. Phala losaphika, la kapu imodzi ya ufa wa tirigu ku kapu imodzi kapena ziwiri za madzi, limalimba bwino koma limasiya ufa woyera pamwamba ndipo limasasa msanga. Lophika limafuna kapu imodzi ya ufa ku makapu asanu a madzi. Sungunulani kaye ufawo m'madzi ozizira pang'ono kuti musakhale mibulu, thirani m'madzi owira, takasani mphindi ziwiri kapena zitatu, n'kulisiya lizizire. Limatuluka losalala ndipo likauma silioneka. Ufa wa chimanga wophikira nsima usiyeni, ndi wamisere ndipo sugwira pepala bwino. Sitachi ya chinangwa yophika imagwira.

Pa nkhani ya mchere ndimasiyana ndi ambiri. Amati thirani mchere kuti chuku chisamere. Umachedwetsadi pang'ono, koma mchere umakoka chinyezi cha mumpweya, moti m'chipinda chonyowa chinthu chamchere wambiri chimakhala chonyowerera mpaka kalekale. Ngati wekishopu yanu ili pansi pa nyumba kapena makoma ake amatuluka thukuta, siyani ufa n'kugwiritsa ntchito guluu woyera wa PVA, magawo awiri a guluu ku gawo limodzi la madzi. Ndi wodulirapo, koma mulibe chakudya cha chuku, mphemvu kapena makoswe. Chenjezo lake ndi kuzizira: guluu ameneyu sagwira bwino kukazizira kufika pansi pa madigiri 10, amauma moyera ngati choko n'kumafumbutuka. Botolo lomwe linagona m'shedi mpaka kuundana n'kukhala zibuma, litayeni.

Phala lomatira mapepala a pakhoma, lomwe limapezeka m'wekishopu zambiri kuno chifukwa wina analisiya atamaliza kukonza nyumba, kawirikawiri amaikamo mankhwala opha chuku. Pa chiliza kapena dzungu lili bwino mutavala magolovesi. Pa chigoba chomwe chikakhale pankhope ya mwana, ayi.

Phala la ufa lisagone pa shelefu. Pikani lokwanira tsikulo. Lotsala liikeni m'botolo lotseka mufiriji, mulembepo tsiku, ndipo pakatha masiku atatu kapena anayi, kapena likangoyamba kununkha ngati mowa wosasa, litayeni m'bini. Botolo lopanda dzina lomwe mwalipeza pawindo musaligwiritse ntchito ngakhale likuoneka bwino, chifukwa mukhala mukupaka mbewu ya chuku ndi manja anu.

Kamatidwe nakonso. Ng'ambani nyuzipepala ndi manja, osadula ndi sizasi, poti m'mbali mong'ambika mumalowerera bwino mwa mnzake. Nyuzipepala ili ndi mbali yomwe imang'ambika mowongoka, ikamakhota, itembenuzeni. Mapepala onyezimira a m'magazini samwa phala. Kachidutswa kalikonse kapititseni pakati pa zala ziwiri kuti phala lochuluka litsale m'mbale: kakhale konyowa, osati kodontha. Ndipo musapitirire makoti atatu pa ulendo umodzi. Anthu amafika asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu chifukwa amabwera kamodzi pa sabata ndiye akufuna kumaliza, koma makoti ochuluka chotero m'chipinda chozizira amaola asanaume. Kuti musasokonezeke powerenga, sinthanitsani: koti ya nyuzipepala, koti ya pepala la khaki, nyuzipepalanso.

Zikavuta kale

Malo amodzi afewa koma palibe chuku. Boolani timabowo ndi msomali waung'ono m'kati, kapena kunsi komwe sikuoneka, kuti mpweya ulowe. Ngati munapenta kale, palani pentiyo pamalopo ndi sandipepa. Ikani chinthucho pa waya wa uvuni wakale kapena pa timitengo tiwiri kuti mpweya uzidutsa pansi, n'kulozetsa fani. Chomwe chimaumitsa ndi mpweya woyenda, kutentha kumangothandizira. Fani yaing'ono yoyaka maola angapo imaposa hita yomwe mwaiyandikiza, ndipo hita imakhotetsa chinthu chifukwa mbali imodzi imauma n'kukokana mbali inayo idakali yonyowa.

Pamera chuku. Timadontho tochepa pamwamba pa chokongoletsera, tulukani nacho panja, muvale chotchinga pamphuno, pukutani ndi nsalu yonyowetsa ndi spiriti, osati madzi, kenako chiume mpaka sikelo ivomere. Musachipale ndi sandipepa m'chipinda momwe muli ntchito za anzanu, poti fumbi lakelo ndi mbewu yomwe ikamere pa zawo. Chuku chikalowa m'kati mwa makoti, dulani gawo lonselo ndi mpeni, tsekani bowolo ndi katoni ndi masking tape, n'kumata mwatsopano. Koma chigoba chovala kumaso chikachita chuku, chitayeni basi. Munthu akhala akupumiramo maola awiri kapena atatu, ndipo kwa mwana wa mphumu nkhani yake imathera kuchipatala. Kupenta pamwamba pa chuku sikuchipha.

Chang'aluka kapena chachita makwinya pa baluni. Apa mlandu ndi wa hita ya m'wekishopu. Mpweya wa m'baluni umafufuma kukatentha ndipo umanyala kukazizira. Mwamata masana chipinda chili chofunda, usiku baluni yanyala, pepala lonyowa latsatira n'kuchita makwinya. Kapena mwamata kukuzizira, wina wayatsa hita, baluni yafufuma n'kung'amba chikhungwa chomwe chinayamba kuuma. Ikani ntchito ya baluni kutali ndi hita ndi zenera. Makoti atatu oyamba akangolimba, phulitsani baluniyo n'kuichotsa, chifukwa mphira sulola madzi kutulukira m'kati. Mukaichotsa chinthucho chimaumira mbali zonse ziwiri. Ndikanakonda anthu akanasiya kugwiritsa ntchito baluni poumba zibade. Mpira wa nyuzipepala zofinya womangidwa ndi tepi, wokutidwa ndi pulasitiki yopyapyala ya kukhitchini, sufufuma, ndipo mumauumba nsagwada ndi mabowo a maso momwe mukufunira.

Madontho achikasu kapena ofiirira akutulukira pa penti yoyera. Ngati m'kati muli waya, ndi dzimbiri. Waya wa khola la nkhuku amakutidwa ndi zinki, koma nsonga zomwe mwadula zilibe, ndipo phala lonyowa limazidya. Kulungani nsonga zonse ndi tepi musanayambe kumata. Zikatuluka kale, penti ya madzi siziphimba ngakhale mupake kangati. Pamafunika koti ya shellac, vanishi yosungunulira ndi spiriti, kapena undercoat ya mafuta pamalopo, kenako penti yanu. Zilembo za nyuzipepala zikamaonekera, koti yomaliza ikhale ya pepala loyera, kenako penti yoyera ya pakhoma, yopyapyala, kawiri.

Penti ikumatuka kapena kutupa pa chinthu chomwe sikelo inavomereza kuti chauma. Mwina munaisungunula kwambiri ndi madzi, pepala n'kumwanso. Mwina ndi penti ya ana ya kusukulu ija, yomwe imasungunukanso ikakhudzidwa ndi bulashi yonyowa, moti vanishi imaikoka n'kuisakaniza. Pakani koti yopyapyala ya PVA kaye, iume, kenako acrylic wosathira madzi ambiri. Ndipo chigoba musachivale osapakamo kanthu m'kati: mpweya wopuma ndi thukuta zimafewetsa chibwano ola limodzi lisanathe. Makoti awiri a PVA kapena vanishi ya madzi m'kati, ndi timapilo ta siponji pachipumi ndi m'masaya kuti pepala lisagunde khungu, zimathetsa vutoli. Mabowo a maso akhale aakulu kuposa momwe mukuganizira. Mawotchi amabwezedwa Lamlungu lomaliza la Okutobala, ndiye pa 31 dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko, ndipo mwana akhala akuwoloka misewu.

Chomwe anthu ambiri amawonjezera pa vutoli

Wekishopu ya anthu ambiri tebulo imakhala nalo lokwanira. Chomwe chimasowa ndi poumitsira. Aliyense amaunjika zake pa shelefu imodzi, zonyowa kugundana ndi zouma, ndipo zibade khumi zonyowa m'kachipinda kotseka zimanyowetsa mpweya wonse mpaka palibe chomwe chikuuma. Wina mwa chifundo amaphimba ntchito ya mnzake ndi pulasitiki kuti isagwere fumbi, osadziwa kuti waipha. Gwirizanani kuti shelefu yapamwamba, komwe kumafunda, ikhale ya zonyowa, pakati pa chinthu ndi chinzake pazitsala mpata wa chikhatho, ndipo chophimbira chikhale nsalu yopyapyala kapena katoni yoboola m'mbali. Ngati malowo ali ndi makina okoka chinyezi, ano ndiye masiku ake, koma funsani oyang'anira ngati amalola kusiya chamagetsi chikuyaka usiku, ambiri salola. Akakana, nyamulani chinthu chanu mukaumitsire kunyumba. Kabati ya thanki ya madzi otentha, yomwe nyumba zambiri zakale kuno zili nayo, ndi malo abwino koposa, bola chitseko chake musachitseke chonse.

Utuchi ndi mdani wachiwiri. Munthu akamacheka kapena kupala thabwa kutsidya la chipinda, fumbi lake limayandama nthawi yaitali n'kudzatera pa penti yanu yonyowa. Likatera musalipukute, mungolipaka. Dikirani penti iume, palani pang'ono, pakaninso. Pa chiliza utuchi ndi mwayi, umachititsa kuti chioneke ngati mwala, koma pa chibade chosalala umanyansa. Njira yake ndi kugawana nthawi: ocheka ayambe, openta amalize, kapena masiku osiyana.

Sinki ya m'wekishopu imatsekeka Okutobala aliyense, ndipo chifukwa chake ndi phala ndi pulasitala, ufa woyera uja womwe umalimba ukasakanizidwa ndi madzi. Phala lotsala likokoloreni m'nyuzipepala n'kuponya m'bini musanatsuke mbale. Pulasitala isalowe m'sinki ngakhale pang'ono, chifukwa imalimba ngakhale ili m'madzi, m'paipi momwemo. Isiyeni iume m'chidebe cha pulasitiki, finyani chidebecho, zibuma zigwere m'bini. Mabulashi a PVA ndi acrylic atsukeni musanapite kukamwa tiyi. Akauma, mwagulira gulu bulashi yatsopano.

Chiliza chomwe chasungunuka

Ili ndi vuto la mtundu wina, koma limabwera chaka chilichonse kwa munthu watsopano. Wasema chiliza chokongola pa polystyrene, chija choyera chopepuka chomwe amatetezera firiji kapena TV m'katoni, walemba zilembo mosamala, kenako watenga penti yopopera yotuwa. Pasanathe mphindi, pamwamba pachita zibowo, zilembo zafafanizika. Mankhwala osungunulira penti ya m'chitini, monga acetone, toluene ndi xylene, amasungunula polystyrene. Superglue ndi guluu wachikasu uja wa osoka nsapato amachitanso chimodzimodzi. Guluu wa mfuti, uja wosungunulira m'kamfuti ka magetsi, akakhala wotentha kwambiri, yemwe amafika cha m'ma 190 digiri, amaboola. Wa kutentha pang'ono, wa cha m'ma 120, amagwira ngati simuchedwetsa mfuti pamalo amodzi.

Chomwe chadyeka sichibwerera, koma musachitaye msanga. Chiliza chodyekadyeka chimaoneka chakale, ndipo ena amapopera dala patali kuti apeze maonekedwe amenewo. Ngati zilembo zapita, dzazani ndi filler, uja wotsekera ming'alu ya pakhoma, n'kusemanso. Ulendo wina pakani kaye makoti awiri kapena atatu a penti ya pakhoma kapena PVA, osasiya kabowo ngakhale kamodzi, makamaka m'mizere ya zilembo, kenako poperani mopyapyala mutatalikira. Chapafupi kwambiri n'kusiya chitini n'kupenta ndi bulashi: yakuda paliponse, kenako yotuwa ndi bulashi youma pang'ono kuti m'maenje mukhalebe mdima.

Kupopera kuchitikire panja kapena m'malo omwe anakonzera zimenezo, osati pakona pa chipinda momwe anzanu akupuma. Kudula polystyrene ndi waya wotentha nakonso kumatulutsa utsi woipa. Mpeni wakuthwa umakwanira, ndipo ukayamba kung'amba timibulu m'malo modula, wabuntha, sinthani lezala. Timibuluto musatisese ndi tsache, timangouluka n'kukamatirira pa penti ya ena. Tikokeni ndi makina okoka fumbi.

Chiliza chikapita pabwalo chimauluka ndi mphepo yoyamba. Matani mapaipi awiri a pulasitiki kumbuyo kwake, khomani timitengo pansi, n'kuvekapo.

Mizukwa yogwa ndi magazi osauma

Mzukwa wa nsalu yopyapyala yoviika m'sitachi umaima bwino m'nyumba, koma ukagona panja kapena m'wekishopu yonyowa umawerama mpaka kugwa, chifukwa sitachi imamwanso chinyezi. Uvekeninso pa chikombole chake, botolo ndi mpira pamwamba, upopereni PVA wosungunula theka ndi theka, uume. Wa panja ukhale ndi waya m'kati.

Magazi abodza alipo a mitundu iwiri ndipo anthu amawasokoneza. A pakhungu ndi pakamwa amapangidwa ndi manyuchi a shuga otchedwa golden syrup, kala yofiira ya zakudya ndi kaufa ka koko kuti adere. Amenewa sauma, amamata chilichonse, amadetsa nsalu, ndipo mukawasiya pa shelefu mwaitana nyerere ndi mbewa. Apangireni kunyumba tsiku lomwelo. A pa zinthu, monga chikwanje cha katoni kapena nsalu yopachika, ndi PVA kapena guluu woonekera wosakaniza ndi acrylic wofiira ndi kadontho ka wabulauni. Akamapakidwa amaoneka otuwirako chifukwa guluuyo ndi woyera, koma akauma amadera n'kunyezimira. Musaonjezere wofiira musanaone kadontho koyesera katauma.

Zitatu zomwe sizikonzeka zikalakwika

Pulasitala ya ufa, ija yofanana ndi ya chikhakha cha kuchipatala, imatentha ikamalimba. Pang'ono sizimveka, koma yochuluka m'chidebe imatha kufika madigiri 60. Mu 2007 mtsikana wina wa sukulu ku Lincolnshire anaviika manja ake m'chidebe cha pulasitala pofuna kupanga chikombole, inalimba manja ali momwemo, ndipo anataya zala zambiri. Dzanja, phazi kapena nkhope siziviikidwa m'pulasitala. Mukafuna dzanja la mtembo lotuluka pansi, dzazani golovesi ya mphira, kapena umbani ndi waya ndi tepi. Mukafuna chikombole cha dzanja lenileni, pali alginate, yomwe madokotala a mano amagwiritsa ntchito.

Moto. Zovala za Halloween za ana zogula m'sitolo kuno zimawerengedwa ngati zoseweretsa ndipo zimayesedwa kayakidwe kake pa muyezo wa EN 71-2. Chomwe mwasoka nokha palibe anachiyesa. Thonje, ukonde wa kangaude wabodza, matumba akuda a zinyalala, nsalu ya neti ndi pepala lopaka vanishi zimayaka mofulumira, ndipo zapulasitiki zimasungunukira pakhungu. M'dzungu la mapepala musalowe kandulo. Mkanjo wa mwana ulekeze pamwamba pa akakolo, manja ake asalendewere, chifukwa pamakomo a anthu ena pamakhala maungu a makandulo enieni pansi. Ukonde wabodza uja ukhale wa m'nyumba; pa mpanda wa maluwa umakola mbalame.

Timagetsi ta LED tomwe talowa m'malo mwa makandulo tili ndi vuto lake. Tambiri timayendera batire yaphwatalala ngati ndalama yachitsulo, CR2032, ndipo mwana akaimeza imatha kuwotcha kummero m'maola awiri okha. Gulani tomwe chitseko chake ndi cha sikuluwu, ndipo mabatire akutha asasiyidwe m'mbale ya misomali pa tebulo la aliyense.

Pali china chomwe si cha chitetezo koma ndichitchule, poti anthu a m'wekishopu akadziwa kwanu amafunsa. Zigoba za Gule Wamkulu, yemwe UNESCO inamulemekeza mu 2005, zili ndi eni ake ndi mwambo wake. Si zoopsezera za pakhomo, ndipo sindithandiza munthu kuzikopera pa chithunzi cha pa intaneti kuti akavale pa phwando.

Masiku akatsala ochepa

Chibade cha makoti asanu ndi limodzi, chomata maulendo awiri, chouma bwino, chopaka koti yoyera, penti ndi vanishi, m'nyengo ya kuno chimafuna pafupifupi masabata awiri. Ngati kwatsala masiku anayi, musaphike phala. Dulani katoni yopyapyala ya mabokosi a chakudya cham'mawa, ipindeni ndi kuilumikiza ndi guluu wa mfuti, kutani ponse ndi masking tape yong'amba tizidutswa tating'ono, pakani PVA kamodzi kuti penti igwire pa tepiyo, n'kupenta mawa lake. Tepi ya khaki yonyowetsa ndi siponji, ija yomatira makatoni, imachita bwino koposa: imalimba ngati phala la mapepala koma madzi ake ndi ochepa, moti makoti awiri amauma usiku umodzi m'chipinda chofunda. Uvuni musayese, m'kati muli tepi ndi guluu. Choumitsira tsitsi chimathandiza pa kachigamba kakang'ono kokha, ndipo mukatero yezaninso pa sikelo musanapente.